Za mpikisano wa achinyamata oimba nyimbo zamakolo ku Scotland, mafunso anu aja

Chiyambireni kamwana ka achemwali anga kuphunzira vayolini kuno ku Glasgow, anthu akwathu amene tili kuno akhala akundifunsa za mpikisano wa BBC Radio Scotland Young Traditional Musician, poti akudziwa kuti ine fayinolo yake sindiphonya. Nde ndati ndingoyankha kamodzi basi.

Ndi mpikisano wanji, unayamba liti?

Unayamba mu 2001, ndipo amene anauyambitsa ndi Simon Thoumire ndi anzake, iyeyu ndi bambo woimba concertina (kachida konga akodiyoni yaying'ono) amenenso ndi mwini ganizo la Hands Up for Trad, bungwe lolimbikitsa nyimbo zamakolo. Woyamba kuwina anali Gillian Frame, mtsikana wa vayolini wochokera pachilumba cha Arran. Pajatu kuno vayolini ikamaimba nyimbo zamakolo amangoti fiddle, ukanena violin amadziwiratu kuti ndiwe mlendo.

Ndani angalowe?

Wachinyamata wa ku Scotland wa zaka 16 mpaka 27. Chida chilichonse chomwe chimalowa mu nyimbo zawozi, fiddle, bagpipes (zitoliro za thumba la mpweya zija), akodiyoni, gitala, piyano, kapena kazeze (harp) kakang'ono kaja amati clarsach, ngakhale mawu okha, kuimba m'zilankhulo zawo za chi Gaelic kapena chi Scots. Malamulo amatuluka chaka ndi chaka nde muziwerenga fomu ya chaka chimenecho, osadalira ya chaka chatha.

Nanga mwana wathu wa dzina lakumudzi, sangamuyang'ane ndi diso lina?

Funso ili limabwera monong'ona koma ndi limene aliyense amafuna kufunsa. Amene anawina mu 2016 ndi Mohsen Amini, mnyamata wa ku Glasgow konkuno, dzina mwalimva nokha, si la MacDonald ayi, ndipo lero akuzungulira dziko ndi bandi yake ya Talisk. Majaji amamvera zala ndi pakhosi. Chomwe sangakhululuke ndi kuimba nyimbo yamakolo ngati wangoiloweza pa YouTube dzulo.

Zimayenda bwanji kuti munthu afike ku fayinolo?

Umajambula nyimbo zako nkutumiza, majaji amasankha anthu 12 a semifayinolo, pa 12 paja nkutsala 6. Asikisi amenewa ndi omwe amakakumana ku City Halls mu Glasgow pa nthawi ya Celtic Connections, chikondwerero cha nyimbo chomwe chinayamba mu 1994 ndipo chimachitika mu Januwale mpaka koyambirira kwa Febuluwale, nthawi yoti kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa ndipo 5 koloko madzulo kunja kuli kale bii. Aliyense amapatsidwa mphindi ngati 15 pa siteji, wailesi ikuulutsa pompopompo, TV ya BBC ALBA nayo imaonetsa.

Ulendo wanga woyamba ndinkayembekeza phokoso ngati la kubwalo la mpira, koma anthu anangokhala phee majekete ali pamiyendo, kenako nyimbo yovinira itayamba ndinangomva pansi pakunjenjemera, kuyang'ana ndi mapazi a holo yonse akugunda pamodzi, agogo ena pafupi nane maso ali chitsinzinire chidendene chokha chikugwira ntchito. Apo mpomwe ndinagonja.

Koma wa bagpipes ndi woimba pakamwa amawafananiza bwanji?

Apa ndiye pamene pamakhala mkangano chaka chilichonse potuluka mu holo. Kunena zoona ine ndimaona kuti nzosatheka kwenikweni, zili ngati kupikisanitsa wa ng'oma ndi wa bangwe, koma chimene ndazindikira nchoti sawina amene amathamangitsa zala kwambiri, amawina amene nyimbo yakale yakhala yakeyake mpaka amakuuza kuti anaiphunzira kwa ndani, inachokera chigwa chiti, asanaiyambe. Ndipo zida zimasinthana, mu 2002 anawina Emily Smith woimba pakamwa, mu 2005 Stuart Cassells wa bagpipes uja wa bandi ya Red Hot Chilli Pipers, mu 2023 Amy Laurenson wa ku Shetland pa piyano. Piyano mu nyimbo zamakolo, ena zinawadabwitsa koma zinatheka.

Mphotho yake ndi ndalama zingati?

Amene mukuganiza za cheke chachikulu chija amajambulitsa nacho, iwalani. Wopambana amapatsidwa mwayi wojambula nyimbo mu situdiyo ya BBC, kukaimba pa mwambo wa Scots Trad Music Awards kumapeto kwa chaka, ndi umembala wa chaka chimodzi wa Musicians' Union. Onse ofika fayinolo bungwe losunga nyimbo zamakolo la TMSA, lomwe lakhalapo kuyambira 1966, limawatenga kukaimba m'matauni osiyanasiyana. Poyamba ndinkati nzochepa izi, koma kwa mwana woti akufuna kudya za nyimbo, dzina lake likamveka pa wailesi okonza ma festival amayamba kumufuna okha, nde ndalama zimabwera chakumbuyo.

Wanga ali ndi zaka 10, adikire?

Asadikire. Omwe mumawaona pa fayinolo ambiri anayamba ali tiana ku ma fèis, timisasa tophunzitsa ana nyimbo ndi chi Gaelic tomwe tinayambira pachilumba cha Barra mu 1981. Kulinso Royal National Mòd mu Okutobala, chikondwerero cha chi Gaelic chomwe chinayamba mu 1892 ku Oban ndipo chili ndi mipikisano ya ana, kuli sukulu ya nyimbo zamakolo ku Plockton, ndipo akakula digiri yake ilipo ku Royal Conservatoire of Scotland mu Glasgow momwemuno. Koma poyambira penipeni funsani kusukulu kwa mwanayo ngati kuli aphunzitsi a zida.

Wa achemwali anga uja ali ndi zaka 11, zatsala 5, pakadali pano fiddle yake ikulira ngati chitseko chosowa oyilo ndipo aneba apansi agogodapo kale kawiri.