Kansomba kamene kamapirira mchere, matope ndi poizoni

Atakayanika pamodzi ndi matemba mumsika wa Limbe, ogula ambiri sangakazindikire. Dzina lake ndi mummichog, ndipo akatswiri amakatcha Fundulus heteroclitus. Kawirikawiri sikaposa masentimita 10 m'litali. Kuno kwathu kulibe. Kwawo ndi m'madambo a madzi amchere m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, kuyambira ku Canada kutsika mpaka ku Florida m'dziko la America. Komabe ife a ntchito za nsomba timakatchulatchula, chifukwa kamakhala moyo pamalo pamene nsomba zina zimangoyandama chagada.

M'madambo amenewo madzi sakhazikika. Kawiri pa tsiku nyanja imasefukira n'kubwerera, kusiya zithaphwi zimene zimatentha ndi dzuwa, mchere n'kumachuluka madzi akamaphwa. Mvula ikagwa, chithaphwi chomwecho chimasuluka mchere. Kwa nsomba, kusintha kotere ndi nkhani ya moyo. Chambo cha m'nyanja yathu chimangolowedwa madzi m'thupi, choncho chimakodza kwambiri n'kumasunga mchere. Nsomba ya m'nyanja yamchere vuto lake n'lina: thupi limauma, ndiye imamwa madzi amcherewo n'kutulutsa mchere kudzera m'makha, ziwalo zofiira zija zimene imapumira. Mummichog imatha zonse ziwiri. Maselo a m'makha mwake amasintha kagwiridwe ka ntchito, lero kukoka mchere, mawa kuutaya, mpaka imapirira madzi a mchere woposa wa m'nyanja katatu. Mpweya ukachepa imakwera n'kumapumira pamwamba penipeni pa madzi. M'nyengo yozizira zina zimadzikwirira m'matope.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi mazira. Nsombayi imaikira mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, pamene madzi amakwera kwambiri. Yaikazi imabisa mazira patsinde pa masamba a udzu wa m'dambo, kapena m'zigoba za nkhono zakufa. Madzi akabwerera, mazirawo amatsala pamtunda, m'chinyontho, kutali ndi nsomba zimene zikanawadya. Amakhwimira pomwepo n'kudikira. Pakapita milungu iwiri nyanja imakweranso, ndipo madzi akangowamiza amaswa. Tisaiwale kuti kwathu kuno kuli wachibale wake wapatali: Nothobranchius kirki wa m'zithaphwi za ku Chilwa, amene mazira ake amagona m'dothi louma mpaka mvula itabwera.

Mu 1973 mummichog inakhala nsomba yoyamba kupita mumlengalenga, pa ulendo wa akatswiri a ku America wotchedwa Skylab 3. Anatenga ziwiri ndi mazira 50. Zazikuluzo poyamba zinkangosambira mozungulira posadziwa kumwamba ndi pansi, koma ana oswedwa komweko ankasambira bwinobwino.

Nkhani yolemera ndi ya poizoni. Ku America, doko la New Bedford ku Massachusetts linaipitsidwa ndi mankhwala a m'mafakitale otchedwa PCB, ndipo mtsinje wa Elizabeth ku Virginia unaipitsidwa ndi mankhwala otetezera matabwa kuti asaole. M'malo onsewa mummichog ikuswana. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2016 anapeza kuti nsomba za m'malo otere zimapirira poizoni wochuluka mpaka ka 8,000 kuposa zinzake za m'madzi oyera. Chinasintha ndi njira ya m'maselo yotchedwa AHR. Poizoni akaidzutsa mopitirira, mtima wa kamwana ka m'dzira umapunduka. Mwa nsomba za m'malo oipawa njirayo inazizira, ndiye mtima umakula bwino.

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Wina akaona tinsomba mumtsinje wa Mudi amati ndiye kuti madziwo alibe vuto. Ayi ndithu. Mummichog inapulumuka chifukwa ilipo yochuluka zedi, ndipo chibadwa chake chimasiyanasiyana kwambiri kuchokera pa nsomba ina kufika pa inzake. Poizoni atabwera, zochepa zinali kale ndi chibadwa chopirira, ndipo popeza zimaswana msanga, ana awo anadzaza malowo m'zaka makumi angapo. Mtundu wochepa, woswana pang'onopang'ono, mwayi umenewu ulibe. Ndiponso poizoniyo sachoka m'thupi la kansombaka. Kakowa kapena nsomba yaikulu ikakameza, imamezera limodzi ndi PCB yemwe.