Mwezi wa asodzi, mwezi wa kumzikiti ndi mwezi wa pakalendala

M'Chichewa mawu akuti mwezi amasenza katundu muwiri. Uja amawala usiku ndi mwezi, ndipo uja timafunitsitsa kuti uthe tilandire malipiro ndi mwezinso. Sikuti makolo anasowa mawu. Kwa iwo chinali chinthu chimodzi: mwezi ukakhala ndiye kuti wayamba, ukafa ndiye kuti watha. Koma taonani kalendala yopachika m'golosale, kenako mutuluke panja usiku wa pa 1. Mupeza kuti kumwamba kulibe nazo ntchito. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale kuno ku Nkhotakota, ndipo ndaona kuti miyezi iwiriyi inasiyana njira kalekale, chonsecho m'boma lathu lino anthu ambiri amayendabe ndi wa kumwambawo.

Tiyambe ndi asodzi a usipa. Chilimira, khoka limene amaphera usipa usiku, chimayenda ndi mdima. Siginala amakhala m'bwato lake ndi nyali, usipa n'kusonkhana pamene pakuwala, alovi n'kuzinga ndi khoka. Mwezi ukakhala mbee, nyanja yonse imawala, nyali ija imasanduka chabechabe, nsomba sizisonkhananso pamodzi. Amayi oyanika usipa pa thandala safuna kalendala kuti adziwe sabata imene katundu achepe. Amangokweza maso madzulo.

Funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani mwezi umakula ndi kuchepa. Chaka chilichonse ndikafunsa ana a Fomu 1, yankho limabwera lomwelomwelo: chithunzithunzi cha dziko lapansi ndicho chimauphimba. Ayi ndithu. Mwezi ulibe kuwala kwakekwake, umangobweza kwa dzuwa, ndipo nthawi zonse theka lake limakhala likuwombedwa ndi dzuwa, theka lina lili mumdima. Chimene chimasintha ndi mbali imene ife tikuuonera. Yesani izi kunyumba. Zimitsani magetsi, muike nyali imodzi patebulo, mugwire lalanje mutatambasula dzanja. Nyaliyo ndi dzuwa, lalanje ndi mwezi, mutu wanu ndi dziko. Mukaloza lalanje kumene kuli nyali, mbali yoyang'ana inu ndi yakuda bii. Umenewo ndi mdima wa asodzi. Tembenukani pang'onopang'ono, muona kamzere kowala m'mphepete ngati chikhadabo, kenako theka, ndipo mukafulatira nyali, lalanje mutalikweza pang'ono pamwamba pa mutu, lonse likuwala. Mukalitsitsa n'kulowa m'chithunzithunzi cha mutu wanu, mwapanga kadamsana wa mwezi. Kadamsana sachitika mwezi uliwonse chifukwa njira ya mwezi ndi yopendekeka ndi madigiri 5, ndiye nthawi zambiri umadutsa pamwamba kapena pansi pa chithunzithunzicho.

Lalanje lomwelo likufotokozanso chinthu chimene aliyense wa kunyanja kuno anachiona. Mwezi wathunthu umakhala mbali yotsutsana ndi dzuwa, choncho dzuwa likamalowa kumapiri, iwo umatuluka m'nyanja kum'mawa, uli psuu ngati moto wa lupsa kutsidya. Mawa lake sutuluka nthawi yomweyo. Umachedwa ndi mphindi pafupifupi 50, chifukwa tsiku lililonse umakhala utasunthira chakum'mawa, ndipo dziko liyenera kutembenuka mowonjezera kuti liupezenso. Pakapita masiku atatu, pamakhala maola awiri ndi theka a mdima dzuwa likalowa, mwezi usanatuluke. Pakatha sabata, mwezi umatuluka pakati pa usiku. Msodzi wina wachikulire anandiwerengera zimenezi ndi zala, tsiku ndi tsiku, osaphonya, ndipo ndinachita manyazi pang'ono chifukwa ine ndinaziphunzirira m'buku.

Kuchoka pa mdima wina kufika pa mdima wotsatira pamatenga masiku 29 ndi theka. Theka limeneli ndilo gwero la mavuto onse a kalendala. Palibe mwezi ungakhale ndi theka la tsiku, ndiye amene amawerenga nthawi ndi mwezi wa kumwamba amakhala ndi miyezi ya masiku 29 ndi ina ya masiku 30. Miyezi 12 yotere imakwana masiku 354. Koma dziko limazungulira dzuwa m'masiku 365 ndi maola pafupifupi 6, ndipo mvula, mwera ndi kutentha kwa Okutobala zimatsata dzuwa, osati mwezi. Kusiyana kwake ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse.

Asilamu anasankha kutsata mwezi osaonjezerapo kanthu, n'chifukwa chake Ramadan imabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka. Mu 2005 anthu anasala mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pakhosi pali gwa. Mu 2016 anasala mu Juni, nthawi ya mwera, masiku ali aafupi ndiponso ozizira. Mu 2025 inali mu Malichi. Zimatenga zaka pafupifupi 33 kuti Ramadan izungulire nyengo zonse n'kubwerera pamene inali, kotero gogo wa zaka 70 wasalapo m'dzinja, m'chisanu ndi m'chilimwe kawiri konse. Mu 2030 Ramadan idzayamba kawiri m'chaka chimodzi cha kalendala yathuyi, mu Januwale ndi kumapeto kwa Disembala.

Nanga bwanji tsiku la Eid silidziwika motsimikiza mpaka usiku wake? Anzanga ena kuntchito amadandaula kuti holide yotani yosadziwika tsiku. Nkhani ndi yakuti mwezi wachisilamu umayamba mwezi watsopano ukaoneka, ndipo kuuona si masewera. Pa nthawi imene mwezi uli pakati pa dziko ndi dzuwa, suoneka n'komwe. Pamafunika kuti papite pafupifupi tsiku lathunthu kuti utalikirane ndi dzuwa mokwanira, ndipo ngakhale apo umakhala kaulusi chabe, kotsika kwambiri kumadzulo, kamene kamalowa pasanathe ola dzuwa litalowa. Kuno kwathu nyanja ili kum'mawa, ndiye pa ntchito imeneyi sitithandiza. Kumadzulo kuli mitunda ndi mitengo, m'dzinja kuli mitambo, m'chilimwe kuli utsi ndi fumbi. Ukapanda kuoneka madzulo a tsiku la 29, mweziwo umakwanitsidwa masiku 30. Akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera mpaka mphindi imene mwezi udzadutse pakati pa dziko ndi dzuwa, zaka zambiri zisanafike. Chimene masamu sanganene ndi chakuti kudzakhala mtambo kapena ayi pamwamba pa phiri madzulo amenewo. Zoti kuwerengera kungalowe m'malo mwa diso ndi nkhani ya mashehe, si ya mphunzitsi wa sayansi.

Akhristu asaganize kuti iwo anathana nawo mwezi. Isitala imabwera Lamlungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi, motsata mawerengedwe a mpingo. N'chifukwa chake imayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, pamene Khirisimasi imakhala phee pa 25 Disembala. Mukadzatuluka m'tchalitchi usiku wa Lachisanu Loyera, mudzaone kumwamba: mwezi ukatuluka umakhala waukulu ndithu.

Kalendala ya m'golosale ija inachokera ku Roma, ndipo inasankha dzuwa. Julius Caesar anakhazikitsa chaka cha masiku 365, n'kumaonjezera tsiku limodzi zaka zinayi zilizonse kuti amezere maola 6 aja. Miyezi inatambasulidwa kukhala ya masiku 30 ndi 31 kuti idzaze chaka, ndipo apa ndi pamene inasiyana ndi mwezi weniweni. Koma maola aja si 6 enieni, amaperewera ndi mphindi pafupifupi 11. Zikumveka zochepa, koma pofika 1582 zinali zitaunjikana, moti Papa Gregory XIII analamula kuti masiku 10 adumphidwe. Anthu anagona Lachinayi pa 4 Okutobala n'kudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Anakonzanso lamulo: zaka zothera ndi 00 sizilandira 29 Febuluwale pokhapokha ngati zikugawika ndi 400. Chaka cha 2000 chinalandira, cha 1900 sichinalandire, cha 2100 sichidzalandira. Mwana wobadwa pa 29 Febuluwale 2096 adzadikira zaka zisanu ndi zitatu.

Makolo ena amandifunsa ngati pamafunika telesikopu kuti mwana ayambe kuphunzira zakumwamba. Ine ndimati ayambe ndi kope ndi pensulo, azijambula mwezi madzulo aliwonse nthawi yofanana kwa milungu iwiri, aone yekha mmene ukukulira uku ukusunthira kum'mawa. Koma ngati mungabwereke ngakhale magalasi oonera patali aja amanyamula alonda a nyama, musataye nthawi ndi mwezi wathunthu. Umathobwa m'maso ndipo umaoneka wosalala ngati mbale. Dikirani uli theka, muyang'ane pamalire a kuwala ndi mdima. Pamenepo dzuwa likuwomba chammbali, mapiri ndi maenje zimaonekera ndi zithunzithunzi zake. Ndi zomwe anaona Galileo mu 1609 ndi telesikopu yaing'ono yopanga yekha, pa nthawi imene ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti mwezi ndi wosalala wopanda chilema. Madontho akuda aja ndi zigwa za chiphalaphala chimene chinauma kalekale, ndipo pa chimodzi mwa zigwazo, mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000 kuchokera kuno, ndi pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anaponda mu Julayi 1969.

Pali chinthu china chimene sichifuna galasi lililonse. Patapita masiku awiri kapena atatu mwezi utakhala, yang'anitsitsani mbali yake yamdima kukangoyamba kuda. Muona kuti siili bii, ikuoneka mwa phulusaphulusa, mpira wonse uli m'manja mwa kachikhadabo kaja. Kuwala kumeneko kwachokera kuno. Dzuwa lawomba mitambo ndi nyanja zikuluzikulu za dziko lathu, kuwalako kwanjanja kukafika kumwezi, kenako n'kubwereranso m'maso mwanu. Pakatha masiku ochepa mbali yowala imakula n'kukumeza, ndiye mudikire mwezi wamawa.