Mkangano wa mbiri ya ukapolo m'sukulu za ku America unayambira pa mabuku

Ku United States kulibe silabasi imodzi ya dziko lonse. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chimadzikonzera zoti ana aphunzire, ndipo m'zigawo zambiri za kummwera muli komiti yomwe imasankha mabuku ololedwa kugulidwa ndi ndalama za boma. Ndondomeko yake imayenda chonchi: bungwe la maphunziro limalemba mitu yoti iphunzitsidwe kalasi ndi kalasi, makampani osindikiza amalemba mabuku motsata mituyo, komiti imawunika, anthu amapatsidwa mpata wodandaula, kenako mamembala amavota. Buku lomwe lakanidwa nthawi zambiri silifika m'manja mwa mwana, ngakhale litakhala lolondola chotani. Ku Texas mamembala a bungweli alipo 15 ndipo amasankhidwa pa chisankho monga andale ena onse. Popeza Texas imagula mabuku ochuluka, osindikiza kwa zaka zambiri ankapewa kulemba zoti zikhumudwitse anthu amenewa.

Ena mwa anthu oyamba kuzindikira mphamvu ya makomiti otere anali a kummwera, amene anagonja pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, nkhondo imene inamasula akapolo pafupifupi 4 miliyoni. Gulu la amayi achizungu lotchedwa United Daughters of the Confederacy, lomwe linayamba mu 1894, linkalondalonda mabuku a m'sukulu. Cha m'ma 1920 mmodzi wa atsogoleri ake, Mildred Rutherford, anatulutsa kabuku kolangiza makomiti kuti azikana buku lililonse lonena kuti a kummwera ankamenyera kusunga akapolo. Zinathekadi. Buku la mbiri lomwe boma la Virginia linatulutsa mu 1957 linkauza ana kuti akapolo ambiri ankakhala mosangalala, ndipo linagwiritsidwa ntchito mpaka m'ma 1970.

Anthu akuda sanangokhala. Katswiri wa mbiri wakuda, Carter G. Woodson, anayambitsa sabata yophunzira mbiri ya anthu akuda mu February 1926, ndipo mu 1976 sabatayo inakula n'kukhala mwezi wathunthu. Koma sabata kapena mwezi sizisintha zolembedwa m'buku la kusukulu.

Mlandu wa ku Mississippi ndiwo umaonetsa bwino momwe zinthu zimasokonekera. Mu 1974 James Loewen ndi Charles Sallis anatulutsa buku la mbiri ya chigawocho lofotokoza za tsankho mosabisa, kuphatikizapo chithunzi cha munthu wakuda wophedwa ndi gulu la azungu. Komiti inalikana: azungu asanu anavotera kukana, akuda awiri kuvomereza. Nkhani inapita kukhothi, ndipo mu 1980 woweruza anagamula kuti panalibe chifukwa chomveka cholikanira. Zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitapita kale, ana akuwerenga buku lakale lija.

Masiku ano njira yasintha pang'ono. M'malo mongokana buku, aphungu amakhazikitsa malamulo okhudza zonena za mphunzitsi. Lamulo la ku Oklahoma la 2021, HB 1775, limaletsa kuphunzitsa kuti munthu ayenera kudzimva wolakwa kapena kusautsika mumtima chifukwa cha khungu lake. Pongowerenga, palibe cholakwika. Vuto ndi loti mphunzitsi sangadziwiretu kuti ndi phunziro liti limene kholo lingadandaule nalo, pomwe chilango chingakhudze chiphaso chake cha ntchito. Lamuloli silitchula za chiwembu cha mu 1921 mumzinda wa Tulsa ku Oklahoma, pomwe azungu anatentha dera la anthu akuda la Greenwood, komabe mphunzitsi woopa kuchotsedwa ntchito amangoidutsa nkhaniyo mothamanga. Mu July 2022 bungwe la maphunziro la chigawocho linatsitsa mlingo wa sukulu za boma za ku Tulsa komweko, ponena kuti maphunziro ena a aphunzitsi anaphwanya lamuloli.

Ku Florida, mitu yatsopano ya mu 2023 inanena kuti akapolo anaphunzira maluso omwe nthawi zina ankawapindulira iwo eni. Akatswiri ambiri a mbiri anatsutsa chiganizocho, koma bungwe la maphunziro linachivomereza ndipo chinalowa mu silabasi ya sukulu zapakati.