Fayilo ya wofufuza wathu ku America imatetezedwa ndi ndani?

Wofufuza wachinyamata akapatsidwa malo ku National Institutes of Health, bungwe la boma la America lofufuza za umoyo lomwe likulu lake lili ku Bethesda m'chigawo cha Maryland, mtima wake wonse umakhala pa kalata yomuitana. Ife amene ntchito yathu ndi kukonza mapepala a ofufuza timayang'ana kwina, pa fayilo imene imatsegulidwa m'dzina lake. Mmenemo mumalowa kopi ya pasipoti, masatifiketi, makalata a omuchitira umboni, kuchuluka kwa ndalama zomwe azilandira ndi kumene zikuchokera, inshuwalansi ya chipatala, ngakhalenso mayina ndi masiku obadwa a mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ngati akupita nawo. Nkhaniyi si yakutali ayi. Madokotala ndi asayansi athu ambiri aphunzira ndi thandizo la Fogarty International Center, nthambi ya bungwe lomweli yomwe inakhazikitsidwa mu 1968, ndipo ena amapita okha kukagwira ntchito m'malabotale a kumeneko.

Lamulo lalikulu loyang'anira mafayilo oterewa ndi Privacy Act ya 1974. Pulezidenti Gerald Ford analisainira pa 31 December chaka chimenecho, anthu atatopa ndi zimene zinaululika pa nkhani ya Watergate, zoti boma linkasonkhanitsa zinsinsi za nzika mobisa. Lamuloli limati ofesi ya boma isasunge mafayilo a anthu mwakabisira. Iyenera kulengeza m'gazeti ya boma, Federal Register, kuti ikusunga zotani, za anthu ati, chifukwa chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso angazione ndi ndani. Mwini fayilo ali ndi ufulu woiona ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe, ndipo ofesi iyenera kuvomereza kuti yalandira pempho lake pasanathe masiku 10 a ntchito. Wogwira ntchito m'boma akaulula dala zimene sanayenera kuulula, atha kulipitsidwa chindapusa chofika madola 5,000.

Ndi lamulo labwino, sindikana. Koma tanthauzo la munthu amene likumuteteza ndi lopanikiza: nzika ya America, kapena mlendo amene anapatsidwa chilolezo chokhazikika m'dzikomo, chija timachitcha green card. Wofufuza wochokera ku Blantyre kapena ku Lusaka amene walowa pa viza ya J-1, yomwe imaperekedwa kwa alendo oitanidwa kukaphunzira kapena kukachita kafukufuku kwa kanthawi, sali m'gulu limeneli. Amagwira ntchito pa tebulo limodzi ndi mnzake wa ku Ohio, mafomu analemba ofanana, mafayilo awo ali mu kompyuta imodzi, koma wina atha kupita kukhoti pogwiritsa ntchito lamuloli fayilo yake ikasokonezedwa, winayo ayi. Izi zimandipweteka, chifukwa amene fayilo ingamuvulaze kwambiri ndi mlendoyo. Nzika ikalemberedwa zolakwika imavutika, inde, koma siithamangitsidwa m'dziko.

Maofesi ena a boma anasankha okha kuchitira alendo mofanana ndi nzika pa kasungidwe ka zinsinsi. Kumeneko kunali kukoma mtima chabe, ndipo kukoma mtima kwa boma kumasintha ndi nyengo. Mu January 2017, lamulo la pulezidenti nambala 13768 linauza maofesi kuti asamaphatikize alendo pa chitetezo cha Privacy Act. Linathetsedwa mu January 2021. Mayiko a ku Ulaya anadzimenyera nkhondo ndipo anapezera nzika zawo ufulu pang'ono kudzera mu Judicial Redress Act ya 2015. Dziko lathu silili pa mndandanda wa mayiko opindula ndi lamulo limeneli.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti fayilo si imodzi. Kupatula ya ku labotale, aliyense wa viza ya J-1 amalembedwa mu SEVIS, kaundula wa pa kompyuta amene anayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2003 ndipo amayang'aniridwa ndi nthambi yoona za olowa ndi otuluka pansi pa Department of Homeland Security, unduna woona za chitetezo cha m'dzikomo. Adiresi ya kumene ukugona, malo amene ukugwirako ntchito, tsiku limene pulogalamu yako ithera, zonse zili mmenemo, ndipo iweyo sungathe kulowamo n'kukonza. Amakonza ndi ofisala wa bungwe lomwe linakuitana. Mphamvu ya kaundulayu inaonekera poyera mu April 2025, pamene mayina a ophunzira akunja zikwi zingapo anatsekedwa mu SEVIS atawayerekeza ndi kaundula wa apolisi, ena pa milandu yaing'ono kapena yomwe inathetsedwa kale. Anthu anathamangira kukhoti, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo boma linabwezeretsa mayinawo. Ambiri mwa iwo anali ophunzira, osati ofufuza oitanidwa, koma kaundula wake ndi yemweyo.

Tengani fomu ya DS-2019 muiyang'anitsitse. Ndi pepala limene bungwe lokuitanani limatulutsa kuchokera mu SEVIS, ndipo chakumunsi kwake kuli kabokosi komwe ofisala wa viza amachonga kusonyeza ngati mukuyenera kubwerera kwanu kukakhala zaka ziwiri musanapemphe maviza ena, monga ya ntchito ya H-1B. Chimodzi mwa zinthu zobweretsa lamulo la zaka ziwirili ndi kulandira ndalama za boma, la America kapena la kwanu. Choncho gawo la fomu lonena za gwero la ndalama likalembedwa molakwika, zotsatira zake mudzaziona patapita zaka, mwina mutapeza kale ntchito. Chimodzimodzi dzina. Tili ndi chizolowezi choika dzina la bambo patsogolo pa satifiketi imodzi, kumbuyo pa ina, kapena kulemba Mphatso apa, Mpatso apo. Kompyuta siidziwa kuti ameneyu ndi munthu mmodzi. Kukonza zimenezi musanapite ku ofesi ya kazembe ndi nkhani ya imelo imodzi. Kukonza pambuyo pake kumadya miyezi.

Khomo limene lili lotsegukira aliyense ndi Freedom of Information Act ya 1966. Lamulo limeneli silifunsa kuti ndinu nzika ya kuti. Mutha kulemba muli ku Zomba n'kupempha zonse zimene ofesi ina ya boma la America ikusunga zokhudza inu, mutatsimikiza kuti ndinu mwini dzinalo, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pa masiku 20 a ntchito, ngakhale kawirikawiri imachedwa kuposa apo. Koma limangokulolani kuona, silikakamiza aliyense kukonza. Ndipo silitsegula zonse. Zolemba za maofisala a viza zimatetezedwa ndi ndime 222(f) ya lamulo la olowa m'dzikomo, kotero chimene mungalandire ndi mapepala amene munapereka nokha kapena amene anakutumizirani. Kuyambira mu 2019 fomu yofunsira viza imafuna mayina amene mwagwiritsa ntchito pa Facebook ndi masamba ena a mchezo pa zaka zisanu zapitazo, ndipo mu June 2025 opempha maviza a maphunziro ndi a J anauzidwa kuti masamba awo akhale otsegula. Zimene ofisala walemba ataona mmenemo simudzaziwerenga.

Tisaganizenso kuti nzika zili pabwino kotheratu. Mu 2012 khoti lalikulu la America linagamula mlandu wa Stanmore Cooper, woyendetsa ndege amene ofesi ina ya boma inaulula kwa ina kuti ali ndi HIV. Khotilo linati kusweka mtima si chinthu chimene Privacy Act ingalipire, pokhapokha munthu ataonetsa kuti wataya ndalama. Ife amene tikudziwa mmene kusalana kunasautsira mabanja kuno sitingamve chigamulo chimenechi popanda kugwidwa nthumanzi. Mu 2015 nawonso akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a Office of Personnel Management, ofesi yoona za ogwira ntchito m'boma, n'kutenga zinsinsi za anthu pafupifupi 21.5 miliyoni, ambiri mwa iwo amene boma linawafufuza mbiri, kuphatikizapo zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni.

N'chifukwa chake wofufuza aliyense wonyamuka ndimamuuza kuti asunge fayilo yakeyake: DS-2019 iliyonse imene analandirapo, ngakhale yotha ntchito, makalata a ndalama, ndi kopi ya fomu iliyonse asanaitumize. Tsiku la mkangano, amene ali ndi pepala ndiye amamveka.

Kuno kwathu timalandiranso asayansi ochokera kunja, ndipo mapasipoti awo, masatifiketi ndi makalata a ku polisi zimadutsa m'manja mwathu pokonza zilolezo zogwirira ntchito ndi zochitira kafukufuku. Ndaonapo kopi ya pasipoti ya mlendo ikuponyedwa pa gulu la WhatsApp la ofesi kuti dalaivala akamulandire ku eyapoti, n'kutsalira m'mafoni a anthu onse a pagulupo, ena atasiya kale ntchito. Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woona kuti ikutsatidwa. Dalaivala amangofunika dzina la mlendoyo ndi nthawi imene ndege itere.