Kochi wa ligi yapansi si wolephera: taonani njira imene Chris Wilder anadzera

Ntchito yanga ndi yophunzitsa makochi achinyamata, ndipo pali mawu amene ndatopa nawo. Mukangotchula kochi wa ku England amene akuphunzitsa timu ya League Two kapena ya pansi pake, wina amayankha msanga kuti, "Ameneyo anakanika, akanakhala katswiri bwenzi ali mu Premier League." Onena izi ndi omwe Loweruka lililonse amaonera Arsenal ndi Liverpool pa kanema n'kumaganiza kuti mpira wa ku England wathera pomwepo. Mu Premier League muli matimu 20 okha. Pansi pake pali ena 72 m'magulu atatu (Championship, League One ndi League Two, amene pamodzi ndiwo Football League), ndipo pansi pa amenewo pali mazanamazana amene osewera ake ambiri amagwira ntchito zina masana. Makochi ambiri a dzikolo moyo wawo wonse umathera kumeneko.

Nkhani imene imandiwawabe mpaka lero ndi ya Chris Wilder ku Halifax Town. Anaitenga timuyi mu 2002 itangogwa kumene kuchoka mu Football League, matumba ali mbee. Kochi wa timu yotere sagula osewera. Amatola omwe ena awataya, amabwereka anyamata kwa miyezi yochepa, ndipo akapeza wina wodziwa kugoletsa amadziwiratu kuti chaka chamawa amulanda. Ngakhale zinali choncho, mu 2006 Wilder anaifikitsa Halifax mu fainolo yolimbirana kukwera ligi. Hereford United inawagonjetsa 3-2 m'mphindi zoonjezera. Patangopita zaka ziwiri kalabuyo inamira m'ngongole, kuphatikizapo ya msonkho, ndipo inalandidwa mapointi 10. Wilder ndi anyamata ake analimbabe mpaka kupulumuka, sanatsike. Koma zimene anapulumutsa pa bwalo zinakafera mu ofesi: kalabu inathetsedwa mu 2008, ndipo imene inabadwa m'malo mwake, FC Halifax Town, inakayambira masitepe atatu pansi.

Tangoganizani. Zaka 6 munthu wagwira ntchito, palibe chimene walakwa, koma wadzuka m'mawa alibe timu. Anapita ku Bury kukakhala wachiwiri kwa Alan Knill. Munthu wongoyang'ana pepala pa nthawi imeneyo akanati uyu watsika, nyenyezi yazima. Anthu ambiri aluso amasiyira pamenepa, ndipo mayina awo sitiwamvanso. Ichi ndicho chimandipweteka, chifukwa sitidziwa kuti ndi angati onga Wilder amene anabwerera kukagwira ntchito zina foni isanalire.

Yake inalira. Oxford United inamutenga kumapeto kwa 2008, ndipo mu 2010 anaibwezera mu Football League atagonjetsa York City 3-1 pa Wembley. Mu Januwale 2014 anapita ku Northampton Town, imene inali kumchira kwenikweni kwa League Two, n'kuipulumutsa. Kenaka mavuto a ndalama anamutsatanso. Chakumapeto kwa 2015 ogwira ntchito pa kalabuyo, Wilder yemwe, anakhala osalandira malipiro, a msonkho atakasuma kukhothi kuti kalabu itsekedwe. Mu nyengo yomweyo timuyo inatenga ligi ndi mapointi 99.

Ophunzira anga amafuna ndiziwauza za kaimidwe ka osewera pa bwalo, monga 3-5-2 ndi 4-3-3, tsiku lonse. Zimenezo muwerenga nokha. Chimene sichilembedwa pa bolodi ndi ichi: ungamuuze chiyani wosewera amene lendi yamukwana, mkazi wake akufunsa za chakudya, kuti Lachiwiri usiku kukuzizira akathamange mphindi 90? League Two ili ndi magemu 46 pa nyengo, osawerengera zikho, ndipo benchi ndi yopyapyala. Kochi kumeneko ndi yemwe amakazonda osewera, kukambirana makontrakiti, kupepesa masapota ndi kutonthoza mnyamata amene wauzidwa kuti sapitiriza. Pamene Sheffield United, timu ya kwawo, inamuitana mu 2016, Wilder anali atapsa kale. Anatenga League One ndi mapointi 100, mu 2019 analowa mu Premier League, ndipo nyengo yoyamba anathera pa nambala 9 ndi osewera ambiri amene anakwera nawo kuchokera pansi.

Musamve ngati ndikuti ligi yapansi ndi podikirira chabe. John Coleman anakhala ku Accrington Stanley zaka zoposa 20 m'maulendo awiri, anaikweza kulowa mu Football League mu 2006, n'kutenga League Two mu 2018. Sanafike mu Premier League, koma ndani angamutche wolephera? Ifenso tisaiwale kuti Ted Powell, amene anatsogolera Malawi kutenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, anabwera kuno atachoka ku Wycombe Wanderers, imene nthawi imeneyo sinali n'komwe mu Football League.

Tsono kwa inu amene mukufuna ntchitoyi. Maganizo onyoza timu zazing'onowa akukuchedwetsani. Ndimaona osewera akudikira kuti bondo lithe kaye ndiye ayambe kuganiza za mapepala aukochi, ena akukana timu ya achinyamata ya m'dera lawo ati ndi yochepa. Wilder anayambira ku Alfreton Town mu 2001, pansi kwambiri kuposa Halifax. Malaisensi amakwera ngati makwerero, sudumpha, ndipo pakati pa sitepe ina ndi inzake pamafunika nthawi yophunzitsa timu yeniyeni. Mukayamba mochedwa, zaka zimenezo palibe angakubwezereni.

Choopsa kwambiri ndi akathyali amene amadyerera kufulumira kwanuko. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali anthu odzitcha maejenti amene amalonjeza satifiketi yaukochi ya UEFA (bungwe la mpira ku Ulaya) ya pa intaneti m'masabata awiri, kapena ntchito ku kalabu ina yaing'ono ya ku England, bola mutumize ndalama ya fomu ndi ya viza. Amasankha dala mayina a timu zapansi podziwa kuti simungazifufuze msanga. Laisensi ya UEFA imaperekedwa ndi bungwe la mpira la dziko la ku Ulaya, monga FA ku England, ndipo ya CAF kwathu kuno imadzera ku FAM. Mlendo wofuna kuphunzitsa timu ya ligi ku England amafunikanso chivomerezo cha FA asanapatsidwe chilolezo chogwira ntchito, ndipo kalabu yeniyeni siitanitsa ndalama kwa munthu amene ikufuna kumulemba. Wina akakutumizirani kalata yokhala ndi chizindikiro cha kalabu, musatumize ngakhale tambala. Pezani nambala ya kalabuyo pa tsamba lake lenileni muimbe nokha, kapena pitani nayo kalatayo ku FAM akaione kaye.