Nyumba ya akalulu ku Los Angeles ndi mkulu uja amayenda ndi pijama masana

Kamutu ka kalulu kovala tayi kaja tonse tinakaonapo, pa malamba, pa zipewa, pa matisheti a pa kaunjika, ena mpaka anakajambulitsa pathupi. Koma mukafunsa kuti kalulu ameneyu anachokera kuti ambiri sadziwa, amangoti ndi lebo basi. Mwini wake anali Hugh Hefner wa ku America, yemwe anayambitsa magazini ndi kampani ya Playboy, ndipo mpaka lero anthu akumeneko akukanganabe kuti kodi mkuluyu anamasula anthu kapena anangolemera pa matupi a ana a eni ake. Mkanganowu kuti muumve bwino muyambe ndi nyumba imene ankakhala.

Nyumbayo ili ku Holmby Hills mu mzinda wa Los Angeles, pa 10236 Charing Cross Road. Inamangidwa mu 1927, ndipo Playboy inaigula mu 1971 ndi ndalama zopitirira pang'ono 1 miliyoni dola, amene anaipeza anali chibwenzi cha Hefner cha nthawi imeneyo Barbi Benton. Zipinda 29, malo okwana maekala asanu, mapikoko kumangoyendayenda pa kapinga, anyani m'makola chifukwa anali ndi chiphaso choweta nyama zakutchire, ndiye kuseri kunali dziwe losambiramo lokhala ndi phanga lochita kupanga ndi miyala, madzi ake otentha, ndipo phanga limeneli ndi lomwe linatchuka kwambiri chifukwa cha zomwe zinkachitikamo usiku pa mapate. Mwini nyumba ankakhalira pijama wa silika ndi gauni, kaliwo kukamwa, kutuluka panja pa mpanda mwa apo ndi apo.

Koma Hefner sanabadwire mu zimenezi ayi. Anabadwa pa 9 Epulo 1926 ku Chicago, makolo ake Glenn ndi Grace anali a Methodist okhwima, panyumba popanda mowa popanda fodya, ndipo iye mwini ankanena kawirikawiri kuti kwawo kunalibe zokumbatirana kapena kuonetsana chikondi. Anapita ku usilikali chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri, atabwerako anakaphunzira za maganizo a anthu ku yunivesite ya Illinois. Mu 1949 anakwatira Mildred Williams, koma ukwati usanachitike mtsikanayo anamuululira kuti anagonapo ndi mwamuna wina, ndipo Hefner mpaka ukalamba wake ankati chinthu chimenechi chinamuswa mtima kuposa china chilichonse. Ine apa ndimaima kaye, chifukwa munthu amene anadzakhala mlaliki wa ufulu wogonana ndi aliyense anayamba ngati mnyamata wopwetekedwa yemwe sanapirire kuti mkazi wachita zomwezo.

Ntchito ankagwira ku magazini ya Esquire, anasiya atamukana kumuwonjezera 5 dola yokha pa malipiro. Mu 1953 anakongola 600 dola, n'kusonkhanitsa 8,000 dola kwa anthu 45, mayi ake omwe aja opemphera anaponyapo 1,000 dola, osati chifukwa chokonda ganizolo koma poti ndi mwana wawo. Magazini yoyamba inatuluka mu Disembala 1953, pachikuto sanalembepo ngakhale deti poopa kuti mwina yachiwiri sidzatuluka. Inagulidwa makope opitirira 50,000.

Chinagulitsa magaziniyo n'chiyani? Chithunzi cha Marilyn Monroe ali mbulanda. Ndiye mvetsani bwino apa. Marilyn anajambulitsa chithunzi chimenecho mu 1949 asanatchuke, ali pa ulova ndalama zitamuthera, anamupatsa 50 dola basi ndipo sanasaine n'komwe ndi dzina lake lenileni. Pofika 1953 anali katswiri wamkulu wa mafilimu, Hefner anangopita ku kampani yosindikiza makalendala n'kugula chithunzicho ndi 500 dola, mwini thupi osamufunsa osamupatsa kanthu. Malamulo ankalola, inde. Koma chuma chonse chija maziko ake ndi amenewa.

Tisanamize anthu kuti zonse zinali zoipa, chifukwa amene amamuikira kumbuyo ali ndi mfundo zenizeni. America ya m'ma 1950 inali yoti m'zigawo zina ngakhale anthu apabanja kugwiritsa ntchito njira zakulera unali mlandu, nkhani zogonana zinali zonong'onezana, ndipo Hefner atawerenga kafukufuku wa Alfred Kinsey wa 1948 wokhudza zogonana anaona kuti zomwe anthu amachita kumdima ndi zomwe amanena poyera zikusiyana kutali. Analimbana ndi a positi ofesi omwe ankafuna kuletsa magazini yake, mu 1963 anamangidwa ku Chicago chifukwa cha zithunzi za katswiri wa mafilimu Jayne Mansfield koma oweruza sanagwirizane mlandu n'kuthera pomwepo. Kudzera mu Playboy Foundation yomwe anayambitsa mu 1965 anaika ndalama pa milandu yomenyera kulera, ufulu wochotsa mimba ndi ufulu wolankhula. Pa nkhani ya tsankho naponso anaima bwino, kunena zoona. Dick Gregory, wanthabwala wakuda, anatulukira pa kalabu ya Playboy ku Chicago mu 1961 nthawi yomwe makalabu a azungu sankalola munthu wakuda kuima kutsogolo n'kumaseketsa anthu. Makalabu a ku Miami ndi New Orleans atayamba kukaniza anthu akuda, Hefner anawagulanso kuti tsankholo lithe. Mlembi Alex Haley anacheza ndi omenyera ufulu wa anthu akuda, Malcolm X mu 1963 komanso Martin Luther King mu 1965, ndipo zonsezi zinatuluka mu magazini yomweyi, pakati pa zithunzi zamaliseche. Pofika Novembala 1972 kope imodzi inagulidwa kupitirira 7 miliyoni, mkuluyu ali ndi ndege yakeyake yakuda yojambula kalulu kumchira.

Koma funso lomwe azimayi anayamba kufunsa kalekale ndi loti ufulu umenewu ndi wa ndani. Mu 1963 mtolankhani Gloria Steinem anadzisintha dzina n'kukalembedwa ntchito ngati kalulu pa kalabu ya ku New York, chifukwa atsikana operekera zakumwa ankawaveka makutu a kalulu, kamchira kumbuyo ndi kachovala kothina koti kupuma kumavuta. Zomwe analemba atatuluka zinali za malipiro ochepa kusiyana ndi omwe ankalengezedwa, kudulidwa ndalama pa tizifukwa tating'ono, mapazi otupa ndi nsapato zazitali, komanso kuti atsikana ankawayeza matenda opatsirana pogonana pomwe ntchito yake ndi yonyamula mathireyi. Makasitomala amuna palibe amene ankawayeza.

Za m'nyumba muja zinadzamveka bwino mochedwa. Hefner anadwala sitiroko mu 1985, kampani n'kuisiya m'manja mwa mwana wake Christie, mu 1989 anakwatira Kimberley Conrad n'kukhala ngati wakhazikika, koma atapatukana mu 1998 madala a zaka zoposa 70 anayamba kukhala ndi zibwenzi zambirimbiri nthawi imodzi, nthawi ina zisanu ndi ziwiri, onse atsitsi loyera ofanana ngati anawatulutsa mu chikombole chimodzi, ena ang'ono kuposa mwana wake. Pa TV kuyambira 2005 zinkaoneka ngati moyo wa mfumukazi. Holly Madison yemwe anali chibwenzi chachikulu anadzalemba buku mu 2015, ndipo zomwe ananena zimagwirizana ndi za anzake ena: pofika 9 koloko usiku aliyense akhale ali mkati mwa mpanda, ndalama ya pasabata 1,000 dola ukatenge wekha kuchipinda kwa bwana kumene ankayamba wakuwerengera zolakwa zako, chibwenzi china ayi, ndipo masiku opita ku disiko pobwera panali zoti onse alowe kuchipinda kwake. Holly ananena kuti anafika poganiza zodzipha. Hefner anakana, anati mtsikanayo akusintha mbiri kuti atchuke.

Ineyo chimandiwawa ndi chimenechi. Munthu amene ankauza dziko lonse kuti palibe boma kapena mpingo woti uzilamula zochitika kuchipinda kwa munthu, kunyumba kwake anaika malamulo okhwima kuposa a kuboding'i, ndipo malamulowo ankagwira akazi okha. Iye asanu ndi awiri, iwo mmodzi yekhayo basi. Ena amati atsikanawo anali akuluakulu, geti linali lotsegula. Zoona, koma mtsikana wa zaka 21 wopanda pokhala, yemwe walonjezedwa kuti atchuka, ndi mkulu wa mamiliyoni amene akusunga zithunzi zake zamaliseche, awiriwa sakukambirana ngati anthu ofanana.

Palinso zolemera kuposa apa. Mu 2022 khoti la ku California linapeza kuti wanthabwala wotchuka Bill Cosby anachita zachipongwe kwa Judy Huth mu 1975 mtsikanayo ali ndi zaka 16, ndipo malo ake anali nyumba yomweyi. Chaka chomwecho wailesi ya kanema ya A&E inaonetsa azimayi ambiri akufotokoza za mankhwala ogonetsa ndi kukakamizidwa, kampani ya Playboy mpaka inalemba kalata poyera kuti iyo ndi banja la Hefner sakugwirizananso ndipo ikukhulupirira azimayiwo. Ena mazana angapo omwe anagwirapo ntchito kumeneko anasaina kalata yawo yoteteza Hefner, kuti iwo anamudziwa ngati munthu wachifundo. Hefner anali atamwalira kale, sanayankhepo.

Nyumba ija inagulitsidwa mu 2016 kwa Daren Metropoulos, neba wake, pa 100 miliyoni dola, pangano lake loti mkuluyo akhalemobe mpaka imfa. Sipanatenge nthawi, anamwalira pa 27 Seputembala 2017 ali ndi zaka 91, kusiya mkazi wachitatu Crystal Harris yemwe anamukwatira mu 2012 iye ali ndi zaka 86 mkaziyo 26.

Manda ake anali atagula kale mu 1992 pa 75,000 dola ku Westwood, manda aja a m'khoma okhala ngati madirowa, ndipo anasankha dala dirowa yoyandikana ndi ya Marilyn Monroe amene anamwalira mu 1962. Awiriwa ali moyo sanakumanepo ngakhale tsiku limodzi.