Foni yochokera kunja siibwera ndi matenda, musamayanike padzuwa

Funso ili ndatopa nalo ndithu, chiyambire Covid mu 2020 mpaka lero. Munthu walandira foni kapena laputopu kuchokera ku China, Dubai kaya ku Joni, m'malo mosangalala akubwera kudzafunsa kuti adokotala kodi mulibe mavairasi mmenemu?

Vairasi saswana pa galasi kapena pulasitiki, amafuna thupi lamoyo, akakhala panja amangofooka mpaka kutha mphamvu. Ofufuza mu 2020 anapeza kuti wa Covid amatha masiku 3 pa pulasitiki ndi chitsulo, pa katoni tsiku limodzi basi. Ena ku Australia anapeza masiku 28 pa galasi inde, koma zinali mu labu, mumdima, osati mu kontena yoti yatha masabata panyanja kenako n'kuphikidwa ndi dzuwa pa thiraki kuchokera ku Beira kapena Dar es Salaam. Pofika pa Zomba pano palibenso choopa. Ine foni yomwe imandiopsa ndi yakale yanuyo, mumalowa nayo kuchimbudzi, mwana akuyinyambita, mukubwerekana ndi aliyense mu minibasi. Ithimitseni, pukutani ndi kansalu kodonthezera sanitaiza, basi. Jik ayi, ndipo dzuwa limapha batire.

Koma chomwe chimandipweteka mtima ndi cha mayi ena aku Chinamwali. Mwana wawo anawatumizira foni kuchokera ku Joni, posakhalitsa anayamba kutsokomola, achibale n'kugwirizana kuti ndi foniyo, ena akuti yabwera ndi matenda akunja ena akuti inakhwimiridwa. Foni anaitsekera m'chitini, mayiwo n'kumawamwetsa zam'botolo zogula kwa munthu wina amene amati zimachotsa mavairasi onse m'thupi. Miyezi ikupita, ndalama zikupita. Anabwera kuchipatala atawonda zomvetsa chisoni, thukuta usiku wonse, titayeza makhololo tinapeza TB. TB si vairasi nkomwe, ndi bakiteriya, amayenda mumpweya munthu akamatsokomola, ndiye tangoganizani nthawi yonseyo ankagona chipinda chimodzi ndi zidzukulu zawo. Pomwe mankhwala ake ndi aulere kuchipatala cha boma, miyezi 6.

Chifuwa chikadutsa masabata 2 bwerani mudzayezetse makhololo, thupi likatentha yezetsani malungo tsiku lomwelo. Wa mabotolo uja alibe choyezera chilichonse, ndipo mukafooka sabwera nanu ku wodi.